Mwagwirizana zomanga banja? Yambani kwa malume, holo ibwere pambuyo

Ikangofika August mpaka December foni siipuma, uyu wakuponya mu gulupu ya WhatsApp ya komiti, uyo akufunsa telala wabwino, wina akufuna umubwereke mapoto akuluakulu aja. Nde ndati ndilembe kamodzi ndondomeko yokonzekera ukwati mmene ine ndimaionera, makamaka kwa inu amene mwangogwirizana kumene kuti basi tikwatirane. Ndikamba kwambiri za kwathu kuno komwe mwini mbumba ndi malume, chigawo chapakati ndi mbali zambiri za kummwera. Anzathu a kumpoto komanso a ku Nsanje ndi Chikwawa ali ndi malowolo, nkhani yawo imayenda mwina, nde ngati mmodzi wa inu ndi wa kumeneko funsani akuluakulu anu msanga musanayambe nkomwe kuganiza za keke.

Koyamba: malume ndi ankhoswe

Masiku ano ambiri akumayamba ndi mphete, zithunzi pa Facebook, kenako kubukitsa holo, makolo nkumamvera kwa aneba. Musatero chonde. Inu achimwene pitani kwa malume anu, ena amati atsibweni, mukawauze kuti mwapeza mbeta kwakutikwakuti, mwana wa auje. Inunso achemwali auzeni malume anu kuti kubwera alendo. A kuchimuna ndi amene amapita kukafunsira, ndipo musadabwe akabwerako opanda yankho, mwambo wake ndi womwewo, a kuchikazi amati tamva, tiyambe tamufunsa mwanayo, mubwerenso. Sikukana ayi. Ulendo wachiwiri ndi pamene amavomera nkuyamba kukambirana za tsiku la chinkhoswe.

Apa ndiime pang'ono chifukwa ndi pamene anthu amachita mphwayi. Mbali iliyonse imakhala ndi ankhoswe, kawirikawiri awiri, wamkulu ndi wamng'ono. Nkhoswe si munthu wodzangodya nkhuku tsiku limodzi basi. Ndi amene adzakuperekezeni kukalembetsa ukwati ku tchalitchi, ndi amene mudzamuimbire usiku mukayambana, wina akagonekedwa ku chipatala kapena kukagwa zovuta uthenga umadzera kwa iyeyo. Nde musasankhe malume chifukwa choti ali ndi galimoto kapena ali ku Joni ndipo atumiza kangachepe. Sankhani amene ali pafupi, amayankha foni, samwa mpaka kuiwala dzina lake, ndipo pakamwa pake sipatuluka nkhani za eni. Malume a ku Joni aja athandize mbali ya ndalama, palibe vuto, koma unkhoswe ukhale ndi munthu wofikirika.

Pamene akuluakulu akumana, ikani patebulo nkhani yoti mukakhala kuti. Kumudzi zimadziwika, mwamuna amapita chikamwini kwa mkazi, kapena amapempha chitengwa kuti amutenge mkazi apite naye kwawo. Mtauni timangoti tikakhala pa lendi nkhani yatha, koma siinathe, imadzabuka pa nthawi yogula puloti kapena yomanga, kuti timange kwa ndani. Kambiranani pano anthu akadali osekerera. Ndipo awirinu pitani kukayezetsa magazi limodzi, mipingo yambiri imalimbikitsa zimenezi, koma olo asakufunseni pitani basi.

Kachiwiri: ndalama, ndipo mumve bwino apa

Ndalama za perekani-perekani si bajeti. Ndibwereze, ndalama zimene mukuganiza kuti anthu adzaponya tsiku la ukwati musaziike mu bajeti olo pang'ono. Anthu amatenga katapila kapena ngongole ya ku banki mkhonde amvekere tidzabweza zikatoleredwa, tsikulo mvula nkugwa, kapena pali maukwati ena atatu a anthu a mpingo womwewo, kapena mwezi uli pakati anthu sanalandire, mapeto ake banja latsopano likuyamba ndi kuthawa angongole. Konzani ukwati wa ndalama zimene muli nazo m'manja ndi zimene mukutsimikiza kuti musunga pofika tsikulo. Zoponyazo zikabwera zikhale zoyambira moyo.

Mmene ndimalangizira ine, gawani ndalama patatu: za nyumba yokakhalamo, za chinkhoswe, za ukwati. Ndipo za nyumba zikhale zoyamba kudzadza, osazikhudza ngakhale wa dekoleshoni alire bwanji.

Kenako khalani pansi mulembe maina a anthu oitanidwa, chifukwa chiwerengero cha anthu ndi chimene chimalamula zonse, kukula kwa holo, mipando, mpunga, makireti a zakumwa. Mukamaliza onjezerani malo ena, kwathu kuno khadi imodzi imabwera ndi mlamu wake ndi ana awiri. Ngati mwambo uchitikire kumudzi nde iwalani za makhadi, mudzi wonse ubwera, phikani moganizira zimenezo ndipo thobwa achuluke.

Komiti ikhale yaing'ono. Tcheyamani, mlembi, msungichuma, ndi anthu ochepa oyang'anira zakudya, mayendedwe, malo ndi zovala. Gulupu ya anthu ambirimbiri ija ikhale yongolengezera, zisankho zizipangidwa ndi ochepawa, apo bii mukhala sabata yonse mukukangana za mtundu wa maliboni. Msungichuma akhale munthu woti ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena Mpamba amalemba pompo nkuponya pa gulupu kuti onse aone. Malonjezo a anthu pa msonkhano woyamba aja, amene wina amaima nkuti ine ndigula mbuzi, alembeni koma musawawerengere mpaka mbuziyo mutaiona itamangidwa pa mtengo.

Mitengo nayo siima. Mukukumbuka mu November 2023 kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti, amene anali atangopatsidwa mitengo pakamwa anakaipeza itasintha. Nde mukagwirizana ndi wa holo, wa keke, wojambula, DJ, perekani dipoziti, alembe lisiti yosonyeza tsiku, mtengo wonse, zotsala ndi zimene adzachite. Zinthu zosaonongeka monga mpunga, mafuta ophikira, shuga, nsalu, yambani kugula pang'onopang'ono miyezi ikadalipo. Mpunga ngati mungathe pezani Kilombero wa ku Karonga, fungo lake lokha anthu amadziwa kuti apa anakonzeka.

Kachitatu: tsiku ndi mapepala

Mvula kwathu kuno imayamba cha mu November mpaka April, ukwati wa pa kapinga nthawi imeneyo ndi juga, pakhale tenti kapena holo pafupi. June ndi July kumazizira, ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimatha kukupezani mkwatibwi ali mu diresi lopanda manja. October nde dzuwa, keke ya kirimu imasungunuka musanaidule, mekapu nayo imatsetsereka. August ndi September ndi abwino koma aliyense amafuna omwewo, bukitsani msanga. Sankhani Loweruka loyandikira kutha kwa mwezi, anthu atalandira. A Seventh Day ambiri amachita Lamulungu.

Musanalipire holo pitani kaye kwa abusa kapena ansembe, chifukwa mpingo uli ndi kalendala yake, kuli maphunziro a banja oti mudutsemo, kuli kulengeza mu tchalitchi masabata atatu, ndipo kwa Akatolika nyengo ya Lenti sakonda kudalitsa maukwati. Achisilamu kambiranani ndi ashehe za nikah, ukwati wachisilamu. Amene mukufuna wa kwa DC pitani ku ofesi ya DC kapena kwa Registrar General mukafunse zofunika, nakonso amayamba akhoma chidziwitso masiku angapo asanakumangitseni, simungangofika lero nkukwatitsidwa lero. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kumpingo ndi wachikhalidwe, ndipo onse awiri akhale okwana zaka 18, zimene zinalowanso m'malamulo aakulu a dziko mu 2017. Izi ndikunenera azakhali ena amene amakonda kunena kuti mwana wakula uyu.

Chinkhoswe

Kwa ine uwu nde mwambo wokoma kuposa ukwati wa veiro, ndipo suyenera kudula. Umachitikira kwa mkazi, pakhomo pa makolo kapena pa malume, pansi pa mtengo wa mango pali bwinobwino. Zoti chinkhoswe chichitikire ku loji ya ndalama zambiri ndi DJ ndi keke yake, kenako patatha mwezi ukwati winanso wofanana ndendende, ndi kuwalipiritsa anthu omwewo kawiri, amatopa, pofika pa ukwati weniweni matumba auma. Ngati ndalama ndi zochepa pangani chinkhoswe cha m'nyumba, abale okhaokha, palibe amene anganene kuti simunakwatirane.

Zofunika kukonza ndi izi. A kuchimuna abwere ndi tambala, a kuchikazi akhale ndi msoti, ankhoswe amasinthana nkhukuzi pamaso pa anthu. Pakhalenso nkhuku ina yootcha kapena yophika yathunthu, ya lokolo osati ya chizungu, imene ankhoswe a mbali zonse amanyotsolerana nkudya limodzi, kusonyeza kuti kuyambira lero nkhani za ana awa tizisenza tonse. Pamakhalanso zipangizo: khasu, nkhwangwa, chikwanje za mwamuna, ndiye lichero, mthiko, chipande, tsache, mphika, pena mtondo ndi munsi za mkazi. Amene agule chiti zimasiyana malinga ndi dera, ankhoswe agwirizane okha pasadakhale, zisadzakhale zokokana tsikulo. Amene akupereka amafotokoza ntchito ya chilichonse, ndipo apa nde pamakhala nthabwala, pezani azakhali odziwa kulankhula osati amanyazi.

Ndiye pali kuvundukula kuja. Atsikana angapo amabwera atafundidwa zitenje mutu mpaka kumapazi, a kuchimuna aziponya ndalama kuti avundukule, woyamba si iyeyo, wachiwiri pena amakhala agogo, anthu nkufa ndi kuseka, mpaka mwini wake atulukire. Inu a kuchimuna konzekerani ndalama zing'onozing'ono zambiri. Inu a kuchikazi musachulutse atsikana mpaka dzuwa kulowa, atatu kapena anayi akwana, komanso kukatentha musawasiye nthawi yaitali mu chitenje, ana a eni amakomoka.

Zovala ndi kukongoletsa

Nsalu ya chinkhoswe sankhani msanga ndipo gulani yonse nthawi imodzi. Mukagula theka lero theka mwezi wamawa mukapeza yatha, kapena yabwera ina yofanana maluwa koma mtundu wasiyana pang'ono, pa zithunzi zimaoneka. Ku Limbe, ku msika waukulu wa Lilongwe, ku Taifa ku Mzuzu zitenje ndi mbwee, gwirani ndi dzanja, ya thonje imapuma, ya pulasitiki yonyezimira ija mu October ndi chilango. Ichapeni kaye musanapite nayo kwa telala kuti ngati ndi yosuluka kapena yofupika ichitiretu. Telala mumuuze tsiku labodza, masabata awiri tsiku lenileni lisanafike, amene anasoketsapo mu December akudziwa chifukwa chake kkkk. Ndipo musakakamize abale onse kugula yunifolomu yodula, ena akuvutika ndi fizi, muwauze mtundu basi aliyense avale chimene ali nacho.

Diresi loyera kubwereka si manyazi, mulivala tsiku limodzi. Suti nde bola kugula kapena kusoketsa ya mtundu woti mudzavalenso ku ntchito ndi ku tchalitchi. Nsapato zatsopano ziyendereni m'nyumba masiku angapo. Tsitsi ndi mekapu yesani kaye sabata imodzi isanakwane, ndipo wodzola akhale wodziwa khungu lathu, tisadzaone mkwatibwi nkhope yotuwa khosi lakuda amayi ake omubereka osamuzindikira.

Dekoleshoni ndi pamene ndalama zimathera mosadziwika bwino. Maholo athu onse akufanana tsopano, nsalu zoyera zolendewera, maluwa a pulasitiki, mpando wagolide wonga wa mfumu ya kunja. Chonsecho zokongola tili nazo. Mipando yoluka ija imene anthu akunja akumaitanitsa nkumaitcha mipando ya ku Malawi, iwiri yokha kutsogolo mwamaliza. Mikeka kapena mphasa pansi, malichero ndi madengu okhomedwa kumbuyo kwa akwati, mitsuko ndi nkhali zadothi muli maluwa enieni, timizere ta chitenje chanu chomwe chija pakati pa matebulo oyera. Mu September ndi October bougainvillea amakhala ali psuu m'mipanda ya anthu, kupempha kwa aneba ndi ulele, dulani mmawa wa tsikulo muike mmadzi. Chinsinsi ndi kusachulutsa, mitundu iwiri kapena itatu basi, ndipo kongoletsani kwambiri pamene akwati akhale ndi polowera chifukwa zithunzi zimajambulidwa pamenepo, kwinako anthu sayang'ana. Ndipo mukagula zinthu zoterezi mmalo mobwereka za pulasitiki, mwambo ukatha zimapita kunyumba kwanu.

Shawa ndi malangizo

Bridal shower kapena kitchen top-up ndi zabwino, koma sankhani chimodzi. Chinkhoswe, shawa, send-off, ukwati, zonse perekani-perekani, anzanu omwewo, ayi ndithu. Ngati cholinga ndi ziwiya, lembani mndandanda wa zimene mukusowa mupatse mnzanu mmodzi azigawira anthu, apo bii mulandira mafulasiki asanu ndi limodzi opanda mpeni ndi umodzi womwe. Malangizo a kuchipinda, a mikanda ndi zina zija, ndi a alangizi kapena anamkungwi m'nyumba chitseko chotseka, osati pa maikolofoni apongozi ali pompo wina akujambula pa foni. Amuna nawonso alangizidwe, osati mkazi yekha kuuzidwa kupirira pamene bambo angouzidwa nthawi yofikira ku tchalitchi.

Nyumba

Mwezi umodzi ukwati usanachitike nyumba ikhale itapezeka. Eni nyumba ambiri mtauni amafuna lendi ya miyezi itatu poyamba, muikonzekere. Onani madzi, chimbudzi, mita ya magetsi ngati ndi yanuyanu kapena yogawana, ndipo ngati mungathe funsani aneba mmene pamakhalira nthawi ya mvula.

Zogula yambani ndi pogona, matiresi abwino, zofunda ziwiri zosinthira, bulangete, neti ya udzudzu. Kenako kukhitchini, mapoto atatu, mbale, makapu, ndowa zosungira madzi zokhala ndi zivindikiro, beseni, mbaula kapena kasilinda ka gasi chifukwa hotipuleti yokha idzakugonetsani ndi njala magetsi akathima, ndi nyali ya sola. Makatani ndi ofunika tsiku loyamba lomwe, telala yemwe uja akhoza kusoka a chitenje otchipa koma okongola. Sofa, TV yaikulu, firiji zidikire, mipando iwiri yoluka ija ndi mkeka zikwanira kulandirira apongozi. Pakhoma ikani chinthu chimodzi chokha chimene nonse mumachikonda, kaya chithunzi cha chinkhoswe, kaya chosema cha ku Mua, kaya lichero lomwe munapatsidwa lija. Amene akufunsa kuti tikugulireni chani, auzeni makapu kapena mbale za ku Dedza Pottery, zimakhalitsa ndipo tiyi wake amakoma mwina. Kamphika ka maluwa pakhonde, tsabola ndi mpiru kuseri ngati pali malo, nyumba ya lendi imayamba kuoneka ya anthu.

Tsiku lenilenilo

Dzulo lake galimoto zonse zikhale zitathiridwa mafuta, jenereta ikhale itayesedwa ndipo mafuta ake alipo, mphete zikhale ndi munthu mmodzi wodziwika. Akwati idyani mmawa, olo phala, tsikuli ndi lalitali. Foni zanu apatseni a komiti. Pakati pa tchalitchi ndi madyerero anthu amachedwa ndi zithunzi, uzani wojambula kuti ali ndi ola limodzi basi, anthu akadikira kwambiri mu holo amayamba kutuluka ndi ndalama zawo m'thumba.

MC mukambirane naye pasadakhale. Perekani-perekani akatalika amatopetsa, kuitana a kuchimuna, a kuchikazi, a kuntchito, a kumpingo, anzake a mkwati, aneba, kenako kugulitsa keke, kenako maapozi, mpaka mdima anthu asanalawe kanthu. Gwirizanani magulu ochepa, phatikizani ena, zakumwa ndi kodyera zituluke pakatikati osati kumapeto. Ndipo MC asachititse anthu manyazi potchula kuti apongozi angoponya zakutizakuti.

Makashiya akhale atatu kapena anayi, ochokera mbali zonse ziwiri, tebulo lawo poonekera. Pitani ku banki sabata imeneyo mukasinthe chenje chokwanira, ma K100, K200 ndi K500, chifukwa munthu akabwera ndi K5,000 imodzi amafuna aiphwanye kuti avine nayo nyimbo yonse, chenje chikasowa amangokhala pansi. Ndalama aziponya mu lichero kapena mu beseni, a Reserve Bank akhala akudandaula kuti ndalama zikuonongeka msanga chifukwa chopondedwa m'maukwati, komanso zapansi ndi zimene zimalowa mu sokosi za ana otolera. Lembani nambala ya Airtel Money ndi Mpamba pa pepala lalikulu kwa amene sanayende ndi kashi komanso abale a kunja amene akuonera pa foni. Mphatso zilembedwe m'kope pomwe zikulandiridwa, dzina ndi chinthu, ndipo pakhale galimoto imodzi ndi munthu mmodzi wozinyamula.

Mwambo ukatha makashiya awerenge pamaso pa nkhoswe wa mbali iliyonse, alembe, asaine, ndalama zipite kwa akwati kapena zikagone malo otetezeka mpaka Lolemba zikalowe ku banki. Zoti azakhali asunge kaye, kapena a komiti atapepo ya mafuta osauza munthu, ndi zimene zimayambitsa mlandu woyamba wa banja.

Sabata yotsatira a komiti abweze mapoto, mipando, makireti ndi diresi lobwereka lija lisanayambe kulipitsidwa masiku owonjezera. Malizani zotsala za wojambula kuti akupatseni zithunzi, ambiri amagwira mpaka mutalipira. Setifiketi ya ukwati ijambuleni pa foni, pangani fotokope, yeniyeniyo muisunge mu fayilo pamodzi ndi ziphaso zanu, idzafunika ku ntchito, ku inshuwalansi ndi popanga viza. Kenako tengani kope la mphatso lija muimbire anthu mmodzimmodzi, ndipo ankhoswe, makolo ndi amayi amene anagona pa moto kuphika aja apitireni ndi miyendo, ndi kashuga ndi chitenje m'manja.